Mafuta Oteteza Khungu ku Dzuwa: Tidzole Nthawi Yanji, Tibwereze Liti?

Amayi anzanga, munthu amene anakhalako ku Karonga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala sachita kufunsa kuti dzuwa n'chiyani. Pofika 9 koloko m'mawa mchenga wa m'mbali mwa nyanja umakhala utayamba kale kuotcha kumapazi, ndipo pofika masana ngakhale nkhuku zimakhala zitabisala pansi pa nkhokwe, kukamwa kuli yasa. Komabe ntchito siyembekeza kuti kunja kuzizire. Mpunga wa ku Hara, ku Wovwe, ku Lufilya ndi ku Kaporo ufuna manja, usipa ufuna kuyanika pa thandala, madzi afuna kutunga, zovala zifuna kuchapa, ndipo ana ayenera kupita ku sukulu ndi kubwerako dzuwa lili paliwombo.

Kwa ambiri a ife dzuwa limeneli limangotitopetsa ndi kutidetsa. Koma pakati pathu pali ana ndi akulu a khungu lachialubino, amene kwa iwo dzuwa lomweli ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mabanja ambiri tsopano akudziwa kuti pali mafuta oteteza khungu ku dzuwa, amene pa Chingerezi amawatcha sunscreen, ndipo ena amakalandira ku chipatala. Koma kukhala ndi botolo m'nyumba n'kwina, kudziwa kadzoledwe kake n'kwinanso. Mafunso amene amayi amafunsa kawirikawiri ndi awiri. Kodi mwana ndikamudzoza, mafutawo ayamba nthawi yanji kumuteteza? Nanga ndimudzozenso pakapita nthawi yotalika bwanji? Lero tikambirane zimenezi mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimaotcha khungu

Poyamba tisiyanitse kutentha ndi cheza. Kutentha timakumva m'thupi, koma chimene chimaononga khungu ndi cheza china cha dzuwa chimene maso sachiona ndipo thupi silichimva. Akatswiri amachitcha UV, ndipo chimene chimafika pansi pano chili m'magulu awiri. Cha UVB ndicho chimapsereza khungu lakunja mpaka kufiira ndi kuchita matuza. Cha UVA chimalowa mkati ndithu, n'kumakalambitsa khungu msanga. Zonse ziwiri zikamagunda khungu chaka ndi chaka zimayambitsa khansa ya pakhungu.

Boma la Karonga lili pafupifupi madigiri 10 okha kummwera kwa mzere wa Equator, choncho dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa mutu kawiri pachaka, chakumapeto kwa Febuluwale ndiponso cha pakati pa Okutobala kupita kumapeto. Cheza chimakhala champhamvu koposa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Njira yapafupi yodziwira ndiyo kuyang'ana chithunzithunzi chanu pansi. Chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, dziwani kuti dzuwa lili pa ukali wake.

Mitambo isatinamize. Cheza chimenechi chimabowola mitambo yopyapyala, ndipo nthawi zina magawo 80 mwa magawo 100 amafikabe pansi. Ndiye kuti m'nyengo ya dzinja, pamene tili kalikiliki kuokera ndi kupalira, khungu limapsa ngakhale kumwamba kuli mitambo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuomba ndipo thupi likumva kuzizira, cheza chimakhalapobe. Kuonjezera apo, mchenga woyera wa kunyanja ndi madzi zimabweza cheza china m'mwamba, kotero kuti munthu wochapa pa gombe chimam'peza kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe.

Mwana wachialubino ndi mphatso ya makolo onse awiri

Khungu lathu lakuda lili ndi chinthu chotchedwa melanini, chimene chimalipatsa mtundu wake ndi kulitchinjiriza ku cheza. Munthu wachialubino amabadwa ndi melanini wochepa kwambiri pakhungu, m'tsitsi ndi m'maso, kapena wopanda n'komwe. Mwana amabadwa chotere pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi mbewu ya chialubino m'magazi mwao, ngakhale iwo eni ali akuda. Choncho mayi amene wabereka mwana wotere sanalakwe kanthu, sanadye choletsedwa, ndipo sanayende njira zachilendo. Apongozi ndi alamu amene amaloza chala mkazi yekha adziwe kuti theka la mbewuyo linachokera kuchimuna. Chialubino sichipatsirana pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi. Maina onyoza aja amene ana amaitanira anzao m'njira tiwaletse kuyambira pakhomo pathu.

Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza anthu achialubino okwana 134,636 m'dziko muno. Kuyambira chaka cha 2014 dziko lathu linamva nkhani zomvetsa chisoni za anthu oipa mtima amene ankasaka abale athuwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, ndipo n'koyenera kuti tonse tikhale alonda ao. Koma pali mdani wina amene safika usiku ndi chikwanje. Iye amabwera masana, poyera, tsiku ndi tsiku, ndipo madokotala amanena kuti khansa ya pakhungu yatenga miyoyo ya anthu achialubino ambiri mu Africa muno asanafike pa ukalamba. Chotonthoza mtima n'chakuti khansa imeneyi ndi yopeweka.

Umboni ulipo. M'tauni ya Nambour, ku Australia, madokotala anatsatira anthu 1,621 kuyambira 1992 mpaka 1996. Ena anauzidwa kuti azidzola mafuta oteteza m'mawa uliwonse, ena ankadzola pamene afunira. Kwa amene ankadzola tsiku ndi tsiku, zotupa za khansa yotchedwa squamous cell zinachepa ndi magawo pafupifupi 40 mwa 100. Khansa ya mtundu womwewu ndiyo imasautsa kwambiri anthu achialubino kuno kwathu.

Mitundu iwiri ya mafuta

Mukatembenuza botolo mudzaona maina a mankhwala amene ali m'katimo. Mafuta ena ali ndi zinc oxide kapena titanium dioxide. Amenewa ndi ufa wosalala wochokera ku miyala ya m'nthaka, ndipo kawirikawiri amasiya kambuu koyera pakhungu. Mafuta ena ali ndi mankhwala opangidwa m'mafakitale, monga avobenzone, octocrylene ndi homosalate. Amenewa saoneka pakhungu. Ntchito yao ndi kumwa cheza chija chisanalowe m'thupi, n'kuchisandutsa kafundidwe kochepa kwambiri kamene munthu sakamva n'komwe. Mabotolo ambiri amakhala ndi mitundu yonse iwiri pamodzi.

Pa botolo pamalembedwanso zilembo za SPF ndi nambala. Mafuta a SPF 15 amatchinga magawo 93 mwa 100 a cheza chopsereza chija, a SPF 30 amatchinga magawo 97, ndipo a SPF 50 amatchinga magawo 98. Palibe mafuta amene amatchinga chonse. Kwa munthu wachialubino oyenera ndi a SPF 50 kapena kuposerapo, ndipo akasowa, asatsike pa SPF 30. Yang'ananinso mau akuti broad spectrum kapena zilembo za UVA, amene akutanthauza kuti mafutawo amateteza ku magulu onse awiri a cheza.

Vaseline, glycerine, mafuta a nsatsi ndi mawese zimafewetsa khungu, koma siziteteza ku dzuwa. Mayi wosamala angaganize zosakaniza mafuta a kuchipatala ndi Vaseline kuti botolo likhalitse. Mtima wake ndi wabwino, koma kuteroko ndi kuthira madzi m'mankhwala. Mafutawo amasukuluka ndipo nambala ija ya pa botolo imasanduka bodza.

Kodi amayamba liti kugwira ntchito?

Pa mabotolo ambiri pamalembedwa kuti munthu adzole mphindi 15 kapena 20 asanatuluke panja. Chifukwa cha malangizo amenewa kwafala mau akuti mafuta a mankhwala aja sagwira ntchito mpaka atalowa m'thupi, ndi kuti m'mphindi zoyambazo munthu amakhala ngati sanadzole kanthu. Zimenezi sizoona. Mankhwalawo amamwa cheza chifukwa cha mapangidwe ao, ndipo amatero ngakhale atapakidwa pa galasi. Safuna magazi kapena kutentha kwa thupi kuti adzuke. M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Málaga, m'dziko la Spain, anafalitsa zimene anapeza atajambula khungu la anthu ndi makina oona cheza. Anaona kuti mafuta amayamba kutchinga cheza akangopakidwa, ndipo kutchinga kwake kumakhazikika pakapita mphindi pafupifupi 10.

Nanga kuyembekezako n'kwa chiyani? Taganizani za tsiku limene mwazira m'nyumba. Dothi limakhala litaphimba pansi nthawi yomweyo, koma simulola mwana kuti apondepo. Mukudziwa kuti akaponda lisanaume, phazi lake lichotsa dothi n'kusiya chibowo. Mafuta oteteza ali chimodzimodzi. Mkati mwake muli madzi ndi zina zimene ziyenera kuuluka kuti patsale kachikopa kopyapyala, kosalala, kogwira khungu. Kachikopa kameneka kasanaume, kolala ya yunifolomu imakapukuta pakhosi, chitenje choberekera chimakachotsa pa miyendo, ndipo thukuta limakatsetsereka nako. Ngakhale akatswiri amene amayesa nambala ya SPF amayamba ayembekeza mphindi 15 mpaka 30 mafuta atapakidwa. Ndiye kuti nambala ya pa botolo ndi ya mafuta ouma, osati aawisi.

Pamenepa titengepo nzeru ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mwana adzozedwe mphindi 15 mpaka 20 asanatuluke, ndiponso asanavale zovala zokhudza malo odzozedwawo. Akasamba m'mawa, mupukuteni aume bwino, mumudzoze, kenaka akhale pansi amwe phala lake. Pomaliza kudya mafuta amakhala atauma, ndipo atha kuvala ndi kunyamuka. Mwa njira imeneyi simufuna wotchi, phala ndilo wotchi yanu. Nzeru yachiwiri ndi yakuti mukaiwala, ndipo mwakumbukira muli kale kumunda kapena kumsika, musanene kuti nthawi yapita. Pitani pamthunzi, pukutani thukuta, dzolani pomwepo, ndipo ngati n'kotheka khalani kaye pamthunzipo mphindi 10. Mafuta ochedwa aposa kusadzola.

Ngati mumadzola paudala kumaso, kapena mankhwala othamangitsa udzudzu, mafuta a dzuwa ayambe, aume, ndipo zinazo zibwere pambuyo.

Muyeso wake

Apa ndi pamene ambiri timaperewera. Nambala ya SPF imayesedwa ndi mafuta okwana mamiligalamu 2 pa kachigawo ka khungu kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Kunena mwa kukhitchini, munthu wamkulu wofuna kudzola thupi lonse afunika masupuni aang'ono a tiyi 7, ndiwo mamililita 35. Supuni imodzi ndi ya kumaso, makutu ndi khosi, imodzi ya mkono uliwonse, imodzi ya mwendo uliwonse, imodzi ya pachifuwa ndi pamimba, ndipo imodzi ya kumsana. Kwa mwana muyeso umachepa molingana ndi msinkhu wake. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anaonetsa kuti anthu ambiri amadzola theka la muyeso umenewu, ena gawo limodzi mwa magawo anayi. Wodzola monyenyerera chotere sapeza chitetezo chimene chalembedwa pa botolo.

Tsono tiwerengere limodzi. Botolo la mamililita 200, munthu akamadzola thupi lonse, silikwana maulendo 6. Koma akavala malaya a manja aatali ndi siketi kapena thalauza lofika m'mapazi, malo otsala ndi kumaso, makutu, khosi, manja ndi mapazi basi, ndipo masupuni awiri akwanira. Apa mutha kuona kuti njira yosungira mafuta si kudzola pang'ono, koma kuphimba thupi ndi nsalu kuti malo ofuna mafuta achepe.

Podzoza musatikite mwamphamvu ngati mukufuna kuti mafuta alowe m'mafupa. Ikani timadontho pamalo onse, n'kufalitsa mofatsa mpaka pasalale. Malo amene amaiwalika ndi omwenso khansa imakonda kuyambira: pamwamba pa makutu ndi kuseri kwake, kumbuyo kwa khosi, pamphuno, mlomo wam'munsi, kunja kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi pamutu pamene tsitsi lametedwa kapena m'mizere ya malukidwe. Samalani kuti mafuta asalowe m'maso.

Tibwereze liti?

Lamulo lodziwika ndi lakuti munthu amene ali panja abwereze pakapita maola awiri aliwonse. Chifukwa chake chachikulu n'chakuti kachikopa kaja kamatha pang'onopang'ono. Thukuta limakasungunula, dzanja lopukuta kumaso limakachotsa, zovala zimakakhula, ndipo mankhwala ena amafooka akakhalitsa padzuwa. Kuno kunyanja, kumene munthu amatuluka thukuta ngakhale atangokhala pansi, maola awiriwo ndi malire otsiriza, ndipo kawirikawiri mafuta amachoka nthawiyo isanakwane.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kuyembekeza maola awiri. Mwana akasambira m'nyanja kapena mumtsinje, mupukuteni ndi kumudzozanso. Mukachapa, mukatsuka mbale kapena mukatsuka usipa, manja ndi mikono zifuna mafuta ena. Mukatuluka m'madzi a m'munda wa mpunga, miyendo ifuna mafuta ena. Mukapukuta thukuta kumaso ndi chitenje kapena thaulo, dziwani kuti mafuta apita ndi thukutalo. Mabotolo ena amalembedwa kuti water resistant, ndi nambala 40 kapena 80. Tanthauzo lake ndi lakuti mafutawo amapirira m'madzi mphindi 40 kapena 80 zokha. Palibe mafuta amene madzi amawalephera mpaka kalekale.

Pali nzeru inanso imene katswiri wa ku England, Brian Diffey, analemba m'chaka cha 2001. Iye anaona kuti popeza anthu amadzola mochepa ndi modumphadumpha, n'kwabwino kudzolanso kachiwiri pakapita mphindi 15 mpaka 30 munthu atayamba kukhala padzuwa, osayembekeza maola awiri. Mayi aliyense wodziwa kuzira amvetsa zimenezi, pakuti dothi lachiwiri ndilo limatseka ming'alu imene loyamba linasiya. Choncho pa tsiku lokhalitsa panja, monga lokolola kapena la maliro, dzolani kunyumba, ndipo mukafika kumene mukupita dzolaninso.

Koma chenjerani ndi maganizo akuti kubwereza kumabwezera wotchi m'mbuyo. Cheza chochepa chija chimene chimadutsa mafuta chimaunjikana pakhungu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kudzolanso kumangobwezeretsa chitetezo chimene chachoka, sikufafaniza zimene khungu lalandira kale. Ndiponso kudzola a SPF 30 kawiri sikuwasandutsa a SPF 60. Mafuta amenewa asakhale chilolezo chakuti mwana aswere padzuwa tsiku lonse.

Kwa mwana wa sukulu ndondomeko ingakhale yotere. Adzozedwe m'mawa asanamwe phala. Adzolenso asanatuluke pa nthawi yopuma, ndiponso asanayambe ulendo wobwerera kunyumba, pakuti ulendo umenewo ndiwo umachitika dzuwa lili paukali. Masana akamapita kosewera, adzolenso. Pa tsiku limene akhala m'nyumba kapena m'kalasi nthawi yambiri, kudzola kwa m'mawa ndi kwa masana ndiko kosayenera kuphonya. Mpatseni kabotolo kakang'ono kotsuka bwino, kotsekeka, koti azinyamula m'chikwama, ndipo kambiranani ndi aphunzitsi kuti azimukumbutsa. Muwapemphenso kuti asamuimike pamzere padzuwa, asamupatse chilango cha panja masana, amulole kuvala chipewa ndi yunifolomu ya manja aatali, ndipo amukhazike kutsogolo, chifukwa ana achialubino ambiri saona bwino patali. Mmera m'poyamba. Mwana amene wazolowera kudzola ali ndi zaka zisanu sadzafuna womukakamiza akadzakula.

Nsalu ndi mthunzi ndizo zoyamba

Mafuta ndi mlonda wachitatu. Woyamba ndi mthunzi, wachiwiri ndi nsalu. Ntchito za panja zigawidwe mwanzeru pakhomo, kuti wachialubino azigwira za m'mamawa ndi za madzulo, ndipo masana azigwira za pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Kupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, kuweta ng'ombe ndi kulondera usipa pa thandala ndi ntchito zoswera padzuwa, ndipo sizimuyenera.

Chipewa chikhale cha mphepete yaikulu yozungulira mutu wonse, yosachepera masentimita 7 kapena 8. Kapusi amasiya makutu ndi khosi pamtetete, ndipo duku lokha siliphimba nkhope. Nsalu yoluka mothithikana ndiyo yabwino. Poigula, iyang'anitseni kumene kukuchokera kuwala. Ngati kuwala kukudutsa kwambiri, cheza nachonso chidutsa. Nsalu ya mtundu wakuda kapena wobiriwira kwambiri imateteza kuposa yoyera yopyapyala, ndipo nsalu ikanyowa chitetezo chake chimachepa. Magalasi a dzuwa otchinga UV amathandiza maso.

Khanda losakwana miyezi 6 litetezedwe makamaka ndi mthunzi ndi zovala, chifukwa khungu lake ndi lanthete. Funsani ku sikelo ngati pali mafuta oyenera kupaka pa malo ochepa osaphimbika. Pobereka mwana kumbuyo, kumbukirani kuti mutu wake, khosi ndi timiyendo zili padzuwa pamene inu simukuziona. Ambulera kapena chitenje chachiwiri chopepuka, chophimba mosatsekereza mpweya, chimathandiza pa ulendo wa kuchigayo kapena kusikelo.

Kasungidwe ka botolo

Kutentha kumaononga mafuta amenewa. Botolo lisasiyidwe pawindo, pafupi ndi moto, pansi penipeni pa malata, kapena pamchenga pamene mukuchapa. Malo abwino ndi pansi, pakona yozizira, pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Popita nalo kumunda likulungeni m'kansalu ndi kuliika pamthunzi. Yang'anani tsiku lothera mphamvu limene lalembedwa pa botolo. Mafuta akalekana, madzi pamwamba phala pansi, kapena akasintha fungo ndi mtundu, ntchito yao yatha. Ndipo pakhomo pamveke bwino kuti botolo limeneli ndi mankhwala a mwini wake. Si mafuta oti aliyense adzole popita ku tchalitchi kapena ku ukwati.

Nanga ife a khungu lakuda?

Melanini wathu ndi chuma, koma sateteza kotheratu. Amayi ena amatuluka zigamba zakuda m'masaya ndi pamphumi ali oyembekezera kapena akamamwa mapiritsi olera, ndipo dzuwa limazikulitsa. Zipsera za ziphuphu nazo zimada kwambiri zikamaombedwa ndi dzuwa. Mankhwala ena a kuchipatala, monga doxycycline, amachititsa khungu kupsa msanga. Onsewa mafuta oteteza ndi chipewa zingawathandize, ndipo malamulo a kadzoledwe ndi omwe aja.

Mau apadera apite kwa amayi amene amadzola mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewo ali ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu. Ntchito yao ndi kuchotsa melanini yemwe uja amene mnzathu wachialubino akanakondwa kukhala naye. Mayi wotere akayenda padzuwa la ku Karonga amapsa, ndipo pakapita zaka masaya amada mosachiritsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zizindikiro zofuna chipatala

Kamodzi pamwezi, poyera bwino, yang'anani khungu la mwana wanu kapena la amuna anu achialubino, makamaka kumaso, m'makutu, pakhosi, pamilomo ndi m'mikono. Pititsanipo chala. Mukamva timalo tokhakhala ngati mchenga, timene timakanganuka n'kubweranso, pitani ku chipatala. Timeneti ndi chenjezo, ndipo madokotala a khungu amatha kutiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri tisanasanduke khansa. Chilonda chimene chatha milungu itatu kapena inayi osapola, chotupa chimene chikukula, kapena bala lotuluka magazi pongolikhudza, zisachedwetsedwe ndi mankhwala azitsamba kapena kutema mphini. Khansa ya pakhungu ikapezeka idakali yaing'ono imachotsedwa ndi opaleshoni yochepa, munthu n'kuchira. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Chilumba, ku Kaporo kapena pa chipatala chachikulu cha boma pa Karonga, ndipo kukafunika adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital.

Ku chipatala komweko funsani za mafuta oteteza, ndipo musayembekeze kuti botolo lithe kaye musanapite kukapempha lina. Bungwe la anthu achialubino m'dziko muno, la Association of Persons with Albinism in Malawi, limene ambiri amalidziwa kuti APAM, limalankhulira abale athuwa pa nkhani ya mafuta, chitetezo ndi maphunziro, ndipo n'kwanzeru kudziwana ndi mamembala ake a m'dera lanu. Kwa anansi athu kutsidya kwa Songwe, mumzinda wa Moshi ku Tanzania, anayamba kupanga mafuta otchedwa Kilimanjaro Sunscreen m'chaka cha 2012, opangidwira anthu achialubino. M'mwezi wa Sepitembala 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linaika mafuta oteteza ku dzuwa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika koposa. Choncho mayi wopempha mafuta amenewa asachite manyazi ngati akupempha zodzikongoletsera. Akupempha mankhwala, monga momwe amapemphera a malungo.

Chaka chilichonse pa 13 Juni maiko amakumbukira anthu achialubino, mwambo umene bungwe la United Nations linakhazikitsa m'chaka cha 2014. M'chaka cha 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wao, ndipo iwo anakhala munthu wachialubino woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Mwana amene mukumudzoza m'mawa uno atha kudzakhala mphunzitsi, namwino kapena phungu, malinga khungu lake lisungike mpaka akule.

Ntchito imeneyi isasiyidwe kwa mayi wobereka yekha. Bambo aphunzire kudzoza, agogo adziwe pamene botolo limakhala, ndipo achemwali ake a mwanayo adziwe kuti akasambira ayenera kumupukuta ndi kumudzozanso. Inunso amayi a pamudzi, a m'magulu a kumpingo ndi a kumsika, mukaona mwana wachialubino akusewera pamtetete masana wopanda chipewa, muitanireni pamthunzi ndipo mufunse ngati wadzola. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.